Diresi ya Amayi ndi Sitachi ya Chinangwa

Bambo anga anagwira ntchito ku Bulawayo zaka zambiri, ndipo amayi anawatsatira kumeneko akadali mtsikana. N'kumene anaphunzira dansi ya awiriawiri, ija mwamuna amagwira mkazi kumsana n'kumazungulira naye muholo. Pobwerera ku Likoma anabwera ndi makina osokera, wailesi ndi diresi imodzi yovinira. Makina anachita dzimbiri, wailesi inafa, bambo nawonso anatisiya. Inatsala ndi diresi yokha, ndipo woisamala ndinali ine, mwana wawo wamkazi.

Inali ya buluu, yofika m'zidendene, m'kati muli nsalu zitatu zonga neti ya udzudzu zoifutukula. Pachifuwa ndi kumsana anasokererapo timikanda tonyezimira, kamodzikamodzi, pamanja. Amayi anandiphunzitsa malamulo ake maso awo asanachite ng'ala. Sinyikidwa m'madzi. Siona dzuwa. Simbi ya makala isaiyandikire. Pamene pafika thukuta, m'khwapa ndi m'khosi, umaitembenuza n'kupukuta ndi kansalu konyowa pang'ono, kenako n'kuipachika m'chipinda. Miyezi iwiri iliyonse ndinkaitulutsa m'sutikesi kuti ipitidwe mphepo, n'kuikamo mankhwala a njenjete atsopano. Nthawi zina ndinkadandaula kuti ndikulera mwana wosakula, komabe sindinkalola wina aliyense kuigwira.

Chaka chimene mwana wanga wamkazi anapeza banja, amayi analengeza zawo. "Tsiku la ukwati nivala diresi yanga," anatero. "Mkwatiyo si mwamuna wanga nane? Anigwire kumsana, nivine kamodzi basi." Tinaseka, koma iwo sankaseka. M'mawa uliwonse ankagwira khoma la nyumba yathu ku Yofu n'kumasuntha mapazi, akuwerenga chapansipansi. Munthu amene ankakana ngakhale kupita kumsika anayamba kufunsa kuti kwatsala masiku angati.

Kutatsala miyezi iwiri, ndinakwera sitima kupita kumtunda kukagula za ukwati. Amayi ndinawasiya m'manja mwa mlamu wanga, mkazi wa mchimwene wanga. Mlamu wangayo ndi munthu wa manja, zimenezo sindingamumane. Pamudzi pathu amadziwika ndi sitachi. Nyengo ya malipenga ikafika, yunifolomu yoyera ya mwamuna wake imaima yokha ngati muli munthu. Amapala chinangwa, kufinya, kudikira kuti madzi adeke, kuphika zotsalira pansizo, kuviikamo zovala n'kusita. Amuna ena ovina amatumiza akazi awo kukaphunzira kwa iye.

Nditabwerako ndinatanganidwa ndi misonkhano ya ukwati, moti sutikesi sindinaitsegule. Ndinaitsegula kutatsala mlungu umodzi. Chivindikiro chitangotukuka, mphemvu zinabalalika, zina kukwera m'mikono mwanga. Diresi inali gwa, ngati chikopa cha mbuzi chouma. Buluu uja anali atasuluka m'malo ena. Neti ya m'kati inali itakwinyika pamene panadutsa simbi, timikanda tina titasungunuka. Ndipo paliponse pamene sitachi inakhuthala, mphemvu zinali zitadya, sitachi ndi nsalu yomwe.

Ndinakuwa dzina la mlamu wanga mpaka anansi anatuluka m'nyumba. Anabwera akupukuta manja, akumwetulira, akuyembekeza kuthokozedwa.

"Mwaiona, alamu? Nimafuna muzaione yokongola. Inali yofooka, yonunkha mankhwala. Chovala chovinira chimafuna sitachi."

"Amayi akukavina malipenga kodi?" ndinamufunsa. "Muwagulirenso chipewa ndi lipenga!"

Atasuzumira m'sutikesi muja anagwira pakamwa. Anafotokoza zonse akulira: anaichapira kunyanja, pamwala, anaiyanika pamchenga dzuwa lili pamutu, mankhwala a njenjete anataya chifukwa cha fungo. Lamulo lililonse analiswa, limodzi ndi limodzi, ndi mtima woyera. N'zimene zinandipsetsa mtima koposa. Munthu wanjiru umamukalipira n'kupepukidwa, nanga wokoma mtima umutani? Komanso ndinkadziwa kuti pa zaka zonsezo malamulo aja sindinauzeko munthu. Ndinkangoti, "Musagwire."

Ndinaikulunga mu chitenje n'kuyenda nayo wapansi mpaka ku Chipyela kwa telala wina wachikulire. Anaitambasula patebulo, nayesa kulowetsa singano pafupi ndi bowo limodzi. Nsalu inangong'ambika.

"Mayi, apa palibe posoka," anatero. "Chigamba chimagwira pa nsalu yamoyo."

Ndinamuchonderera, ndinamukalipira, ndinamuuza kuti ndi telala wa mayunifolomu a sukulu basi. Iye anangopinda diresi ija bwinobwino n'kundipatsa.

Pobwerera ndinakonza bodza. Ndinati ndiwauza amayi kuti diresi yawachepera, tiwasokera ina. Koma maso okha ndiwo anali atafa, makutu ayi, ndipo kukuwa kwanga kwa m'mawa anali atakumva. Ndinawapeza atakhala pakhonde, manja atatambasula kale.

"Bwera nayo."

Anainunkhiza kaye. "Chinangwa," anatero. Kenako zala zawo zinayamba kuyenda, kuchokera m'khosi kutsika. Zinkalowa m'bowo, kutuluka, kulowa mu lina. Atafika kumsana, pansi pa phewa lamanzere, dzanja lawo lonse linalowa. Analisiya momwemo kwa nthawi yaitali.

"Apa m'pamene ankagwira atate wako."

Sanakalipire munthu. Mlamu wanga atabwera kudzagwada, anamusisita kumutu n'kumuuza kuti akaone mphika pamoto. Ine ndinkafuna akalipe, atukwane, andipatse chilolezo chokwiya. Anangondiuza kuti ndibwezere diresi m'sutikesi. M'mawa mwake sanagwirenso khoma.

Tsiku la ukwati anavala chitenje cha yunifolomu ngati amayi ena onse a kwathu. Nyimbo yodekha imene tinawakonzera itayamba, mkwati anabwera mwaulemu, nawerama, natambasula dzanja. Anthu anaimba m'manja, ena akululutira kale. Amayi anagwira dzanja lija, nalisisita, nalibweza.

"Kavine ndi mkazi wako, mwana wanga," anatero. "Ine sininavale."