Lachisanu Limene Ndinatsala Pang'ono Kuchotsetsa Tchende la Msodzi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha dzuwa. Anzanga atatu amene anatumizidwa kuchipatala china cha m'boma la Mangochi ine ndisanapite, onse analephera. Awiri anathawa, wachitatu anasungunukira pasiteji, anthu anangotola nsapato. Ndikulumbira. Ine ndinali nditangomaliza maphunziro ojambula za m'thupi, ndipo atandifunsa ngati ndimapirira kutentha, ndinati kwathu ndi ku Nsanje. Anandilemba pompo.

Abwana anga, bambo Matola, anandionetsa makina a sikani, jelo, ndi mapulobu awiri, timitu timene timayendetsa pakhungu: yokhota ya m'mimba ndi yowongoka yoonera zapafupi. Miyezi iwiri ndinkangojambula amayi oyembekezera, moti ndikaona papaya ndinkafuna kuyeza mutu wa mwana.

Lachisanu lina masana, bambo Matola ali kumzikiti foni atazimitsa, analowetsa Che Saidi, msodzi wa ku Lungwena. Anali atakwatira miyezi itatu yapitayo. Pambuyo pake panali amjomba ake, mlongo wa mayi ake, mkulu wa ndevu zoyera. Ululu unamuyamba msodziyo m'mawa akukoka khoka. Pakhadi analemba kuti m'mimba, chifukwa ndimo ananenera mwini wake, koma manja onse awiri anali atagwira kumunsi.

Dokotala wa kufiyeta, kochitira opaleshoni, anaima pakhomo. "Ngati tchende lapotoka, magazi sakufika, ndipo maola atithera kale. Tandionera msanga. Likakhala lafa, tichotsa."

Ndinapaka jelo n'kuika pulobu yowongoka pa lamanzere, lowawalo. Ndinayatsa Dopula, imene imaonetsa magazi oyenda ngati timadontho tofiira ndi tabuluu. Kadontho n'kamodzi komwe sikanatuluke. Phulusa lokhalokha.

"Lafa," ndinatero.

Machira anafika. Chikalata chovomera opaleshoni chinadutsa kwa amjomba, pakuti kumeneko chiwalo cha mphwake sichichoka mwinimbumba asanavomere. Mkuluyo anagwira cholembera, n'kuchiikanso pansi.

"Adokotala, mwanayu sanabereke. Lotsalalo ndi lamoyo? Ndilione kaye."

"Bambo, nthawi ikutha," anatero wa kufiyeta.

"Ndilione."

Ndinasunthira pulobu ku lamanja, limene silimawawa konse. Phulusanso. Ndinakanikiza, ndinapendeketsa, ndinawonjezera jelo. Phulusa.

"Amjomba, akuti chiyani?" anafunsa Che Saidi, mano atalumana.

"Khala phe. Akuti unafa kale, sanakuuze chabe."

Palibe anaseka. Thukuta langa linadzaza nsapato mpaka kusefukira, oyeretsa akhoza kuchitira umboni. Ndinayang'ana pakona ya sikirini n'kuona cholakwa changa: makina anali akadali pa muyeso wa amayi oyembekezera, wogwira magazi othamanga a mumchombo wa mwana. Magazi a m'tchende amayenda ngati munthu wopita kukapepesa kwa apongozi. Pa muyeso umenewo, makina samawaona.

Ndinasintha muyeso, ndinatsitsa sikelo, ndinakweza mphamvu ya mtundu pang'onopang'ono. Lamanja linayamba kuthwanima. Ndinabwerera ku lamanzere. Timadontho tinatuluka mmwamba, mmunsi, m'mbali, kupatula kachigawo kamodzi kakuda, kosongoka ngati mutu wa nkhwangwa, nsonga yake italoza mkati. Ndinatsata chingwe cha mitsempha chimene tchendelo limalendewerapo mpaka kumtunda. Sichinapotoke.

Bambo Matola analowa kofia ikadali kumutu. Anatenga pulobu, anayang'ana mbali zonse ziwiri, kenako anati, "Kamtsempha kamodzi katseka, kagawo aka kafa chifukwa chosowa magazi. Kwinaku kuli moyo. Mpeni bwezani. Apatsidwe mankhwala a ululu, ayezedwe magazi kuti titsimikize kuti si chotupa, ndipo tizimujambulanso."

Amjomba anabweza chikalata chija chopanda dzina. Panja, bambo Matola anandiyang'ana nthawi yaitali, ndevu zanga zinamera n'kuyamba imvi, n'kungoti, "Makina akakhala chete, yamba wawafunsa ngati akumva."

Che Saidi anabweranso katatu. Kachigawo kaja kanafota, ululu unatha, ndipo anabwerera kunyanja ndi zake zonse.

Mpaka lero munthu akabwera ndi ululu kumeneko, ndimayambira mbali yosawawa. Ambiri amadzutsa mutu n'kuti, "Adokotala, si kumeneko ayi." Ndimawayankha kuti ndikudziwa, angopirira pang'ono, pakuti amene akuyezedwa kaye ndi ine.