Ndinatsuka kachewere wodwala m'ngalande ya mudzi

Ine ndinapha mbewu ya apongozi anga. Sindinaiphe ndi njiru kapena ulesi ayi, ndinaipha ndi mtima wofuna kudziwa chilichonse, khalidwe limene ndinkanyadira kuyambira ndili pasukulu ya kumishoni. Inu owerenga amene manja amakuyabwani mukaona chachilendo, imvani zimene zinandionekera.

Ndine mkamwini m'kamudzi kena kumtunda kwa Domwe. Dzinja timalima chimanga ndi nyemba, koma chimene chimatisunga ndi madimba. Mvula ikaleka, madzi a kasupe wa m'phiri timawapatutsira m'ngalande imodzi yotsika dimba ndi dimba mpaka kudambo, ndipo banja lililonse lili ndi tsiku lake lothirira. Ine anandigawira kachigawo ka kumutu kwenikweni, kumene madzi amayambira. Mmunsi mwanga muli dimba la apongozi, aNangozo.

ANangozo anali ndi kachewere wawo wa makolo. Anali wamng'onomng'ono, wofiira khungu, wolowa maso, woti pamsika wogula amangomudutsa. Koma akapsa ankaphulika yekha mumphika, ndipo ankatha miyezi osaola. Mbewuyi anaisiyiridwa ndi amayi awo, ndipo chaka chilichonse ankasankha okha ndi manja awo, osalola wina kuwathandiza.

Kumudziko kuli mwambo wakuti mbewu ya kachewere sutenga kwa munthu amene munda wake sunauone uli wauwisi. Monga mwa chizolowezi changa ndinafunsa chifukwa chake. Anangondiyankha kuti ndi mmene timachitira kuno. Yankho lotere ine limandiwawa kwambiri, ndipo mumtima ndinati awa ndi mantha chabe a anthu osayenda.

Tsiku lina la msika ku Domwe ndinaona kachewere amene ndinali ndisanamuonepo, wamkulu ngati nkhonya, wosalala, wachikasu mkati. Wogulitsayo sankadziwa dzina lake ngakhale munda umene anachokera, anangomutsitsa pagalimoto. Ndinagula chidebe chimodzi chakudya, koma nditafika kunyumba ndinapatulako wina n'kumuika pamthunzi kuti atuluke maso. Mkazi wanga atamupeza anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Abambo a Rozita, mbewu ya pamsika m'dimba la eni? Amayi akamva mukayankha nokha."

Ndinamuuza kuti ndi mizere itatu yokha, yongoonera.

Anamera mochititsa kaso. Ndinathira adubu, feteleza uja, ndinapopera mankhwala ndi bomba, pampu yoberekera kumsana ija, masamba anachita kubiriwira moti odutsa ankaima. Koma kutayamba kutentha, maluwa atangotuluka, ndinaona chodabwitsa. Masana phata limodzi linkalefuka ngati lathiridwa madzi otentha, madzulo n'kudzuka, m'mawa lili bwinobwino. Nthawi zina inkafota mbali imodzi yokha ya tsinde, inayo ili chiimire. Inu owerenga, mlimi wanzeru akanachita mantha. Ine ndinakondwa. Ndinkasiya ntchito dzuwa lili paliwombo kukakhala pamzere kudikira kuti ndione tsamba loyamba kugwa. Ndinafukula kufuna mbozi, panalibe. Ndinafuna una wa mfuko, panalibe. Nthaka inali yonyowa bwino. Nanga chinkamwa mphamvu ya mbewuyi chinali chiyani?

Mapata ofota atachuluka ndinawazula onse. Dothi linali litamatirira m'maso mwa kachewereyo, ndipo kuti ndione bwino ndinamunyamula m'dengu kupita naye pangalande. Ndinakhala pamwala, ndinatsuka, ndinadula ndi mpeni. Mkati munali mzere wabulauni wozungulira, ndipo ndikafinya munkatuluka zoyera ngati mafinya. Ndinadula wachiwiri kuti ndione ngati n'chimodzimodzi, wachitatu, mpaka dengu lonse, zibenthu ndikuponya m'madzi. Kenako ndinatsuka mpeni, khasu ndi manja. Tsikulo linali la apongozi lothirira. Ndinawaona ndi maso angawa ali mmunsimo, atawerama, akutsegulira madzi omwewo m'mizere yawo, ndipo m'mutu mwanga simunabwere kanthu.

Patapita masabata ochepa kachewere wa aNangozo anayamba kugona masana. Kenako zinafika m'madimba awiri a mmunsi mwawo. Anthu anaitana tekiniko, mlangizi wa zaulimi wochokera ku Ulongwe. Iye anadula tsinde lofota n'kuliviika m'kopu ya madzi oyera, ndipo posakhalitsa tinaona tiulusi toyera tikutsika kuchokera patsindelo ngati utsi. Ndikuulula kuti ngakhale pamenepo ine ndinakankha anzanga kuti ndione pafupi, ndipo ndinachita chidwi. Anatiuza kuti nthendayi imabwera ndi mbewu, imayenda ndi madzi ndi makasu, ilibe mankhwala, ndipo ikalowa m'nthaka imakhalamo zaka. Anati tiiwale za kachewere ndi tomato m'madimbamo. Kenako anafunsa kuti kumutu kwa ngalande kumalima ndani.

Palibe amene anandiloza. Anthu anangoyang'ana pansi, ndipo zimenezo zinandiwotcha kuposa kutukwanidwa. Ndinafotokoza zonse, za msika, za mizere itatu, za pamwala paja. Tekiniko anavula chipewa n'kundifunsa kawiri ngati ndinatsukiradi dengu lonse m'madzi oyenda.

Ine ndi apongozi sitiyankhulana maso ndi maso, timalemekezana patali. Choncho iwo anatembenukira kwa mwana wawo, ine ndikumva.

"Uwauze amuna akowo kuti ankafuna kudziwa chifukwa chake. Tsopano adziwa."

Mbewu yawo yonse inali m'nthaka, sanasiyeko ngakhale mbale imodzi. Pokumba tinkangotulutsa zowola, fungo lake losapiririka. Munda wa kumtunda nawo sitinauyese wabwino kubzalamo kachewere, chifukwa khasu langa lomwelo linali litalimako. Ndinachita manyazi moti ndinkadzera njira ya kuseri popita kudimba.

Ndinaganiza zoti mwina alipo amene aNangozo anamugawirako mbewu zaka za m'mbuyo. Ndinatenga njinga, mudzi ndi mudzi, ndikufunsa. Ambiri anandiseka, anati kachewere wamng'ono uja anamusiya kalekale chifukwa ogula safuna. Ndili pafupi kutaya mtima ndinapeza mayi wina kuseri kwa phiri, wobadwira m'mudzi wa apongozi anga koma wokwatiwa kumeneko, amene ankabzalabe mizere iwiri ya ndiwo zake. Atamva nkhani yanga anandidzazira lichero. Ndinapalasa njinga ngati mnyamata, ndikuti mlandu wanga watha.

Mkazi wanga anakapereka licherolo ine nditakhala chapatali. ANangozo anatola mmodzi, anamutembenuza, anamununkhiza, anamusisita ndi chala. Kenako anamubwezera m'lichero.

"Akabweze komwe atenga. Tikamubzala kuno afa. Kumeneko ali moyo."

Mkazi wanga anati tidikire nthaka ichire, tidzakamutenge. Iwo anangoti amene adzakhalepo adzakamutenga. Tsiku lotsatira ndinamanga lichero lija panjinga n'kukwera nalo phiri kulibweza, ndipo panjira ndinalira ngati mwana.

Inu owerenga, sindikuti kufunsa n'koipa. Mpaka lero ndimafunsa, sindingasinthe. Koma mukapeza mwambo umene eni ake sakutha kuulongosola, musafulumire kuuyesa umbuli, mwina amene anauyambitsa anaona zimene inu simunaone. Mbewu yosadziwika kumene yachokera musaibzale, ngakhale ikongole bwanji. Mukaona mbewu ikufota mosadziwika, izuleni ndi dothi lake, mukaikwirire kutali, muitane odziwa. Ndipo ngati mukufuna kuyesa chinthu, yesani pamene chikalakwika mudzalira nokha, osati kumutu kwa madzi amene mudzi wonse ukudalira.

Madimba athu lero muli kabichi ndi chimanga chachiwisi. Mayi wa kuseri kwa phiri uja akakumba, amatitumizira kambale ka kachewere wofiira. ANangozo, amene anasunga mbewuyo moyo wawo wonse, amalandira ndi manja awiri n'kuthokoza ngati mlendo.