Msoti wa Ankhazi

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinathetsa nkhuku za amayi, zonse makumi asanu ndi atatu.

Amayi ankaweta nkhuku za mazira kuseri kwa nyumba yathu pa Boma la Rumphi. Mazirawo ndiwo ankatiphunzitsa sukulu, ndipo m'kholamo munthu sankalowa asanaponde m'beseni la mankhwala pakhomo. Patchuthi ndinapita ku Mhuju kwa ankhazi, mlongo wawo wa bambo. Potsanzikana anandigwirira msoti wachikuda wamawangamawanga, poti mlendo sabwerera chimanjamanja. Nditafika kwathu ndinaumvera chisoni kuti ugona wokha, ndiye ndinauponya m'khola la amayi osauza munthu.

Pasanathe sabata chitopa chinabuka. Nkhuku zinkangowodzera mapiko ali pansi, zina makosi atapindikira kumsana. Amayi ataona msotiwo pakati pa nkhuku zawo zofiira sanafunse zambiri. Anathyola nthambi ya gwafa n'kundikwapula m'miyendo mpaka inathetheka.

Mlangizi wa ziweto analamula kuti zotsala ziphedwe. Amayi anandiimika pambali pa dzenje kuti ndione. Ankazipotola makosi imodziimodzi, n'kuziponyamo zikuphupha, kenako anathira palafini n'kuyatsa. Fungo la nthenga zopserera linakhala m'mphuno mwanga masiku ambiri. Msoti wanga, umene sunadwale n'komwe, anausunga komalizira.

“Uwu upha wekha,” anatero akundipatsa mpeni.

“Amama, ndi mphatso ya ankhazi.”

“Yewo chomene kwa ankhazi akowo. Ponda mapiko.”

Mpeni unali wobuntha. Ndinacheka katatu, magazi otentha akuyenderera m'manja, ndikulira ngati pamaliro. Tsiku limenelo amayi ndinadana nawo ndi mtima wanga wonse. Koma sukulu zitatsegulidwa, achemwali anga amene anali ku sekondale anakhala pakhomo chaka chathunthu, ndipo sanandinene ngakhale kamodzi. Zimenezo zinandipweteka kuposa gwafa uja.

Lero nanenso ndimaweta nkhuku za mazira. Mazira otchipa a m'mafamu akuluakulu amabwera pamalole, ndipo ife a khola limodzi tikagwa, tagweratu. Ndi pamene ndinamvetsa kuti zimene amayi anachita sizinali nkhanza zokha, anali ndi mantha.

Chaka chatha ankhazi, atakalamba ndithu, anabwera kudzandiona atakumbatira msoti wina. Ndinagwada, ndinaulandira ndi manja awiri, n'kuuzinga pageti pomwepo iwo akuona. Anakhumudwa, ndipo ndiwozo sanazilawe. Ulendo uno mpeni unali wakuthwa.