Nachesi la pa tebulo langa

M'chaka changa chachiwiri pa yunivesite ku Cape Town ndinkakhala ku Dunoon, chipinda chimodzi ndi achemwali anga omwe ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Camps Bay. Mayi amene ankayang'anira kafukufuku wanga anali Mxhosa wokonda kuseka, ndipo chaka chimenecho ndiwo ankakonza msonkhano wa akatswiri ofufuza mmene ana a anthu obwera amaphunzirira kuwerenga m'chilankhulo cha eni dziko.

Mayiwa anali atatopa ndi misonkhano yomwe munthu mmodzi amawerenga pepala lake ena onse akusinza. Choncho anati masana anthu azigawidwa m'timagulu, kagulu kalikonse pa tebulo lake, ife ophunzira n'kumatsogolera zokambirana. Lamulo linali loti pa tebulo pazikhala kanthu kogwira m'manja, ndipo wolankhula ndi yekhayo amene wakagwira. Akamaliza apatsire mnzake. Anzanga anabweretsa timipira. Ine ndinatenga nachesi pa mulu umene achemwali anagula pokwerera takisi.

Nditafika pa tebulo langa ndinapeza pakhala kale bambo a imvi ovala suti yotuwa. Anali aphunzitsi anga akale a ku koleji kwathu ku Malawi, munthu wabwino mtima koma wosadziwa kuleka akayamba kulankhula. Belu linkalira iwo adakali m'mawu oyamba.

“Si iwe uja unkakhala pafupi ndi windo?” anandifunsa. “Ndiye kuti lero wapampando ndiwe?”

“Ndine ndemwe, aphunzitsi. Mwayenda bwanji?”

“Bwino, koma mphepo ya kuno ilibe ulemu.”

Ena pa tebulopo anali aphunzitsi a ku pulayimale a konkuno, bambo wina wa ku Zimbabwe, ndi mayi wa ku Mangochi wofunda mpango, yemwe ankasamalira ana aang'ono m'nyumba mwake ku Dunoon. Iyeyu ndinkamudziwa nkhope chabe. Anakhala kumapeto, chikwama chili pamiyendo ngati munthu wodikira kuti anyamuke.

Ndinafotokoza lamulo lija m'Chingerezi, kenaka mwa ulemu ndinayamba kupereka nachesi kwa aphunzitsi anga. Analilandira ndi manja awiri n'kuyambira nkhani yawo kutali, pa sukulu za amishoni. Zimene ankanena zinali zomveka ndithu, koma sizinkatha. Pa matebulo ena anthu ankaseka, timipira tikuuluka. Pa langa maso onse anali pa nachesi. Woyang'anira wanga anadutsa kumbuyo kwawo n'kundilozera wotchi yake, akumwetulira.

Ndikanawadula bwanji pakamwa munthu amene anandiphunzitsa, pamaso pa alendo? Ndinawerama pang'ono n'kunong'ona m'Chichewa.

“Aphunzitsi, nachesilo lakhalitsa kumeneko.”

Anayang'ana m'manja mwawo. Chala chachikulu chinali chitayamba kale ntchito iwo osadziwa, ndipo makoko anali mbwee pa tebulo. Anaseka mpaka kuvula magalasi.

“Ndawononga chida cha wapampando,” anauza gulu lonse. “Ndiye tichite chonchi. Ndiligawa. Amene walandira alankhule, ine pakamwa panga pakhale potanganidwa.”

Anaponya kagawo kamodzi m'kamwa, kena n'kupatsa mayi wa ku Mangochi uja. Mayiyo anandiyang'ana.

“Achemwali, Chingerezi changa ndi cha m'takisi,” anatero.

“Nenani m'Chichewa, ine ndimasulira.”

Anafotokoza za mwana wake wamkazi wobadwira konkuno. Tsiku lina anaimbira foni agogo ake a mwanayo kumudzi, n'kumupatsa kuti awalonjere. Chilichonse chimene agogo ankafunsa, mwana ankangoyankha kuti “ewe”, komwe ndi kuvomera m'Chixhosa. Agogowo ankamva ngati akuitanidwa kuti “iwe”. Anadula foni, ndipo madzulo ake kunabwera uthenga kuchokera kwa amalume wofunsa ngati ku Joni ana amaleredwa ndi mbuzi.

Nditamasulira ndi kulongosola kuti munthu wamkulu kwathu sitimunena kuti iwe, tebulo lonse linafa nalo phwete. Mphunzitsi wina wa Chixhosa anatambasula dzanja kupempha kagawo kake asanapatsidwe. Anati m'kalasi mwake muli ana a Chimalawi omwe akawakalipira amayang'ana pansi, ndipo iye ankayesa mwano. Mayi wa ku Mangochi anamuuza kuti umenewo ndiye ulemu wake. Bambo wa ku Zimbabwe, yemwe agogo ake anachokera ku Dedza, anayesa Chichewa chake chosakanikira ndi Chishona, tonse n'kumamuthandiza mawu. Nachesi linatha, koma palibe anakumbukiranso za lamulo. Anthu ankangodikirana okha.

Aphunzitsi anga ndinkawaona akutsegula pakamwa, kenaka n'kutsekanso. Atalankhula linali funso lalifupi kwa mayi uja: anawo akafika kwa iye m'mawa, amawalonjera m'chilankhulo chanji? Mayiyo anati amasankha chilankhulo poyang'ana nkhope ya amene wamuperekeza mwanayo.

Nthawi yosinthana matebulo itakwana, gulu langa linakana kunyamuka. Woyang'anira wanga anangokweza mapewa n'kutisiya.

Tikutuluka, aphunzitsi anafunsa mayi uja ngati angakaone kumene amasamalira anawo. Msonkhano utatha ndinawatenga pa takisi mpaka ku Dunoon, atapanikizika pakati pa ine ndi mnyamata wonyamula thumba la anyezi. Kumeneko mayi uja anawapatsa kampando ka ana, maondo n'kufika pachifuwa. Anawo anawazungulira n'kuyamba kuwaphunzitsa kuliza lilime monga amachitira Axhosa. Anayesa ndi mtima wonse, suti ili mbuu ndi fumbi, koma lilime linakana. Kamtsikana kena kanawagwira chibwano n'kuwauza m'Chichewa kuti abwerenso mawa.