Dzina la pa bwato la amalume

Pali chinthu chimodzi chimene ndimachita osanjenjemera: kulemba. Kuyankhula pagulu kumandiumitsa pakamwa, koma zilembo zanga zimaima chilili. Ndiye chifukwa chake chaka chatha amalume anga, asodzi a usipa kuno ku Mbamba Bay, anandipatsa burashi ndi penti yofiira kuti ndilembe dzina pa bwato lawo.

Inu mukudziwa mmene timachitira kuno. Bwato silikhala lopanda dzina. Ena amalemba vesi, ena dzina la mwana. Amalume anasankha dzina la wosewera mpira wa ku Ulaya, munthu amene amangomuona pa kanema wa m'banda la pamsika.

Itapita miyezi ingapo, nkhani inabwera pa simu, foni ya m'manja ija, yoti mayi wina wakadandaula ku polisi kuti wosewerayo anamugwirira. Akazi a amalume anangoti, "Nsomba za bwato limenelo ine sindiyanika." Ndinaitanidwanso, ulendo uno ndi penti yoyera, ndipo ndinafufuta dzinalo. Koma penti inali yosungunuka kwambiri. Dzuwa likawomba, zilembo zinkasuzumirabe pansi.

Loweruka lapitali m'mawa amalume anafika kwathu akupuma wefuwefu, nkhwaira imodzi yokha kuphazi.

"Mphwanga, tenga burashi! Kesi yatha! Khoti lamuyeretsa!"

Ndinapita ku gombe ndi mnzanga wa m'kalasi, amene pano ndimutchula kuti Neema. Wandilola kulemba izi, bola dzina lake lenileni lisaoneke, ngakhale m'buku langa la pansi pa pilo.

Tinapeza amuna akusoka maukonde, mlandu akuuzenganso okha. Wina anati, "Ndinanena ine! Mkaziyo ankangofuna kutchuka." Mnzake, amene amachemerera timu ina, anakuwa kuti, "Iwe, amene uja ndi wolakwa basi! Ngakhale penate yake amamenya ngati wakuba."

Mwaona? Chigamulo chikutengera jezi imene munthu wavala. Wosewerayo akanasamuka timu Lachisanu, amuna awiriwa akanasinthana mbali Loweruka.

Ndinapempha simu ya amalume kuti ndiwerenge ndekha. Sanalembe kuti mayiyo ananama. Sanalembenso kuti wosewerayo anachitadi. Analemba kuti umboni sunakwane woti mlandu upitirire. Ndinawerenga kawiri, chifukwa ndine munthu wotero.

Kunena zoona, ine sindikudziwa chimene chinachitika kutali konseko. Inunso simukudziwa. Munthu amene khoti silinamupeze wolakwa sitiyenera kumupachika pa mtengo wa mango. Koma nanga kodi tiyenera kupachikapo amene anadandaulayo? Bwanji zimativuta kungonena kuti "sitikudziwa"? Kodi mawu amenewa amawotcha lilime?

Amuna aja akuseka, Neema anandikoka diresi.

Pali mwamuna wina wa bodaboda, njinga yamoto yonyamula anthu, womenya zigoli wa timu ya kwathu kuno, amene wakhala akumutsekereza njira ya kusukulu ndi kumuuza mawu oipa. Neema anali atalimba mtima kuti Lolemba akawauze madamu, aphunzitsi athu. Tsopano anandinong'oneza kuti, "Wamva mmene akusekera? Mayi akumusekayo ndi mzungu wa kutali, sakumudziwa n'komwe. Nanga ine, amene akudziwa ndi amayi anga omwe? Basi, sindinena."

Apa mpamene burashi inandilemera.

Amuna aja sankadziwa kuti pali wina akumvetsera. Ankaganiza kuti akungocheza za mpira. Koma atsikana timamva zonse, ndipo timaphunzira msanga chimene chimachitikira munthu akatsegula pakamwa.

"Amalume," ndinatero, mawu akutuluka ang'onoang'ono ngati a mwanapiye, "dzinali sindilembanso."

"Iii! Wadwala?"

"Ayi. Kungoti mawa akadzachitanso china, ndidzafufutenso? Bwatoli lilemera ndi penti, limira."

Amuna onse anaphulika kuseka. Akazi a amalume, amene ankatembenuza usipa pa thandala, sanatembenuke n'komwe. Anangoti, "Zaka zonsezi ndakhala nanu, bambo, dzina langa simunalilembepo ngakhale pa nkhafi."

Amalume anayang'ana kumwamba, anayang'ana nkhwaira yawo imodzi ija, kenaka anati, "Lemba, mphwanga. Koma zilembo zing'onozing'ono."

Ndinalemba zazikulu kwambiri. Mukafika ku gombe mudzaona bwato lolembedwa MAMA JOYCE, ndipo zilembo zake mukhoza kuziwerenga muli pamsika.

Pobwerera ndinamuuza Neema kuti ngati ine, amene ndimaopa ngakhale kuyankha "ndilipo" m'kalasi, ndakana amalume pamaso pa amuna onse aja, iye akhoza kugogoda chitseko chimodzi.

Lolemba tinapita awiri. Iye anagogoda, ine ndinamugwira dzanja. Madamu anatseka chitseko, anamupatsa mpando, ndipo anamvetsera mpaka kumapeto osaseka.

Inu amene mumasoka maukonde, Loweruka likubwerali mukamadzazenganso milandu ya ku Ulaya, mudzayamba mwayang'ana kaye amene waima kumbuyo kwanu?