Nkhope ya a Griselda m'Beseni Langa

Ndakolopa pachipatala chaching'ono cha m'dera lathu, kum'mwera kwa mzinda wa Rosario, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Pa zaka zonsezo, mawu amene ndinawamva a Griselda Pagnucco akuyankhula kwa wodwala sangadzaze tikiti ya basi. Musandifunse kuti ndinkamva bwanji. Chitseko chawo n'chopyapyala, ndipo pakhomo pawopo pamada msanga, ndiye ndimapakolopa kawiri.

A Griselda ndi dokotala wa maganizo, wa maphunziro akale aja. Bambo awo anali ndi butchala, munthu waphokoso woti akamadula nyama mumsewu monse ankadziwa, ndiye mwina mwanayo anatopa ndi mawu akadali wamng'ono. Kusukulu anawaphunzitsa kuti wodwala azigona pakabedi, dokotala azikhala kumutu kwake kosaoneka, n'kumangoti, "Mhm." Kabediko anabwera nako okha pa lole ya alamu awo, kachikopa kobiriwira. Wodwala akafunsa kanthu, yankho linali limodzi: "Iwe ukuganiza bwanji?" Anakwatiwapo kamodzi. Anthu amati mwamunayo anawafunsa tsiku lina ngati amamukonda, iwo n'kumuyankha chimodzimodzi, mwamuna uja n'kukwera basi ya ku Córdoba. Ine sindinaliko. Ndikungonena zomwe zinanenedwa.

Ngakhale chikho cha mate (osati malovu ayi, ndi dzina la tiyi wathu wowawa woyamwa ndi kapaipi), chomwe tonse pano timapatsirana kuyambira mlonda mpaka namwino, iwo sankachigwira wodwala akuona. Ankati wodwala asadziwe kanthu za dokotala wake, ngakhale zoti ali ndi mphaka. Ali ndi amphaka awiri.

Ndiye kunabwera mkulu watsopano, a Fabián Cantero, wandevu zometa bwino, atanyamula mabuku awiri onenepa ngati njerwa. Sanali mabuku enieni. Anali fotokope ya fotokope ya fotokope, omangidwa ndi waya wapulasitiki, m'mphepete muli bii, ndipo patsamba lililonse pankaoneka chala chachikulu cha munthu amene anayamba kukopayo. Anati ndi njira yotchedwa DBT, yothandizira anthu amene mtima ukawapweteka umawaphulikira mpaka kudzivulaza okha. Buku lina linali la madokotala, lina la mapepala opatsa odwala. Panalinso mafilimu oonera pakompyuta, ndi msonkhano wa Lachitatu lililonse woti madokotala azithandizana.

"Muziwaphunzitsa," anatero a Fabián. "Muziimirira pabolodi. Wodwala azikhala pampando moyang'anana nanu. Ndipo mumupatse nambala yanu ya foni."

"Nambala yanga?" anatero a Griselda. "Kwa wodwala?"

"Eya."

"Ya foni yanga ine?"

Tsiku limenelo a Griselda anayankhula mawu ambiri kuposa chaka chathunthu.

Ntchito yokopa mapepala inagwera ine, poti mlembi anali patchuthi. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma kuwerenga ndimatha, makamaka zomwe sizikundikhudza. Tsamba lina linkati udzilandire momwe ulili. Lotsatira lake linkati usinthe. Ndinati basi ndasokoneza masamba, ndinamasula waya uja n'kuwasanja katatu, koma ankabwerabe motsatana choncho. Ndinapita nawo kwa a Fabián.

"Bwana, limodzi mwa awiriwa ndi la buku lina."

"Onse ndi oona, mayi Pocha."

"Onse? Nanga munthu angakhale pansi ataimirira?"

Anangoseka. Anthu ophunzira akasowa yankho amaseka.

Tsopano panali mtsikana, Yamila Ojeda, wa zaka makumi awiri ndi zitatu, wogulitsa buledi pabekale ya pakona. Ankavala malaya a mikono yaitali ngakhale mu Januwale, phula likusungunuka mumsewu, ndipo tonse tinkadziwa chomwe ankabisa pamikonopo. Madokotala asanu anali atawathawa kale. Kawiri konse ambulansi inamutengera kuchipatala chachikulu. A Griselda anali achisanu ndi chimodzi, ndipo Yamila anali atanena poyera kuti akawasiya amenewa sadzapitanso kwa wina aliyense. Miyezi inayi anagona pakabedi kaja Lachinayi lililonse, mpaka tsiku lina ndinamva akukuwa.

"Mayi inu, muli moyo kumbuyoko?"

"Iwe ukuganiza bwanji?"

"Ndikuganiza kuti ndikuyankhula ndi kabati!"

Anamenyetsa chitseko, n'kuponda pomwe ndinali nditangokolopa. A Griselda anatuluka pambuyo pake nkhope ili mbuu, anatenga mabuku onse awiri n'kupita nawo kwawo.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuona zachilendo. Lolemba ndinawapeza ali pampando, manja atawatambasula pamaondo ngati wopempha pakhomo la tchalitchi, akumwetulira khoma pang'ono chabe, ngati khomalo lawauza nkhani yosaseketsa. Lachisanu ndinawaona akuthamanga pamasitepe, kukwera, kutsika, kukwera, mayi wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, nsapato zili m'manja. Ndinawafunsa ngati kwayaka moto. Anati ayi, n'kupitiriza.

Lachiwiri lotsatira masana ndinalowa kukhitchini kukathira madzi a mate. Beseni langa, lomwe ndimachapira nsanza, linali patebulo, lodzaza madzi ndi ayisi wogula kugolosale ya kutsidya kwa msewu. Ndipo m'besenimo munali nkhope ya a Griselda. Mutu uli vuu m'madzi, manja atagwira tebulo, osapuma.

Ndinakuwa dzina la Mariya Woyera n'kuwakoka pakolala. Anadzuka madzi ali chuchuchu, utoto wakuda wam'maso ukutsika mpaka kuchibwano, ndipo anatulutsa mawu amene ndinkaganiza kuti anapita kumanda ndi bambo awo a butchala aja.

"Pocha, mwandisokoneza. Ndinali pa khumi ndi zisanu ndi ziwiri."

"Za chiyani, a dokotala?"

"Ziyenera kufika makumi atatu. Werengani inu."

N'kubwezeranso mutu m'madzi. Ine ndinawerengadi, nanga ndikanatani?

Nkhaniyi ndinauza munthu mmodzi yekha. Ndikulumbira. Kungoti munthuyo anali Zulema, amene ndinakumana naye pogula tomato, ndipo Zulema ndi azakhali a Yamila, amene anamulera mayi ake atamwalira. Ndinaiwala. Kapena sindinaiwale kwenikweni, koma nkhaniyo inkandiyabwa pakhosi. Pofika Lachitatu madzulo dera lonse linkadziwa kuti dokotala wa amisala wapenga, ena amati anamupeza akusambira m'sinki.

Lachinayi Yamila anafika nthawi yake, folo koloko, koma maso ali psuu, manja akunjenjemera. Sanagone pakabedi. Ndinamva mapazi ake akuyenda uku ndi uku. Pakhomo paja panali pakuda kwambiri tsiku limenelo.

"Ndabwera kudzatsanzika," anatero. "Azakhali akuti ndisiye kubwera kwa munthu wozungulira mutu. Takangana kuyambira m'mawa, ndaswa mbale ziwiri. Akuti mumaviika mutu m'beseni la nsanza. N'zoona?"

"Iwe ukuga..."

Mawuwo anathera panjira. Ine chikolopa chili m'manja, thukuta lili kamukamu, chifukwa ndinadziwa kuti mtsikanayu akatuluka pakhomo pano wapita, ndipo amene wamukankha ndine ndi pakamwa pangapa.

"N'zoona," anatero a Griselda. "Lachiwiri. Madziwo anali ozizira moti mano anandiwawa, ndipo ndinatukwana."

"Inu? Kutukwana?"

"Kawiri."

"Nanga mumatani?"

"Buku likuti mtima ukamathamanga, munthu n'kufuna kudzivulaza, madzi ozizira kumaso amaubweza pang'ono, mpaka mutu uyambenso kuganiza. Likutinso ndisakuphunzitse chinthu chomwe sindinachiyese ndekha. Zaka makumi atatu ndakhala chete kumutu kwa anthu, ndipo ena zinawathandiza. Iwe sizikukuthandiza, unanena wekha. Njira inayi sindikuidziwa bwino, Yamila. Ndili patsamba la zana limodzi ndi makumi anayi, ndipo masamba ena sakuwerengeka chifukwa cha chala cha munthu. Koma sindikufuna upite."

"Ndiye mukufuna tipenge tonse awiri."

"Ukandilola."

Chitseko chinatseguka mwadzidzidzi, ine n'kutsala pang'ono kugwera mkati.

"Pocha, poti mwamva kale zonse, katengeni beseni. Lichapeni kaye."

Ndinathamanga kugolosale ngati mtsikana. Pobwera ndinapeza a Griselda atatsegula faelo, akumufunsa Yamila ngati anadwalapo mtima ndiponso mankhwala omwe akumwa, chifukwa akuti madziwo si a aliyense. Anayamba okha kumiza nkhope, kuti Yamila aone. Kenaka Yamila anamanga tsitsi, anandiyang'ana ine ngati akufuna kundiluma, n'kumiza nkhope. Ndinawerenga mokweza. Pa makumi awiri anadzuka akutsokomola.

"Amayo! Wolemba buku limeneli ndi mfiti!"

Anapukuta kumaso ndi mkono wa malaya. Kenaka anatambasula manja ake n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Anali atasiya kunjenjemera.

A Griselda anang'amba kapepala n'kulemba nambala yawo ya foni. Seveni anatuluka ngati wani, anachita kubwereza.

"Undiimbire usanadzicheke," anatero. "Osati utadzicheka kale. Usanatero."

Anamupatsanso khadi la masiku asanu ndi awiri, loti azilembapo tsiku ndi tsiku momwe mtima wamuvutira ndi chomwe wachita nawo. Yamila analipinda n'kuliika m'thumba, osanena kuti abweranso kapena ayi.

Mawa lake ndinkayembekeza kuchotsedwa ntchito. A Griselda anandipeza kukhitchini, anatenga chikho cha mate m'manja mwanga, anayamwa mpaka chinalira.

"Pocha, bukuli likuti munthu aliyense akuyesetsa momwe angathere."

"Zikomo, a dokotala."

"Likutinso ayenera kuyesetsa koposa pamenepo."

N'kutuluka. Mpaka lero sindikudziwa ngati anandikhululukira kapena anandikalipira. Ndinapita ndithu kwa Zulema kukakonza nkhani ija, koma kufotokoza kwanga kunali kwakuti dokotala sanapenge, amangomiza mutu m'madzi chifukwa buku lawauza, ndipo Zulema anandiyang'ana ngati tsopano openga tilipo atatu.

Lachinayi lotsatira folo koloko inakwana, Yamila kulibe. A Griselda anaima pawindo, manja atawatambasula m'mbali, kamwetulira kaja kakukanika kukhazikika. Mphindi khumi. Mphindi khumi ndi zisanu. Ine ndinakolopa thailosi imodzi mpaka inatsala pang'ono kubooka.

Patadutsa mphindi makumi awiri Yamila analowa, ufa uli m'tsitsi, khadi lili m'manja lokwinyika. Pa masiku asanu ndi awiri anali atalemba atatu. Padzanja lamanzere panali pulasitala watsopano, ndipo sanamubise.

"Loweruka ndinaimba," anatero. "Lamlungu sindinaimbe."

"Ndikudziwa," anatero a Griselda. "Wachita bwino kubwera. Khala pampando, tione za Lamlunguzo kuyambira pomwe unadzuka, chifukwa siziyenera kuchitikanso."

Mwamva? Wachita bwino, komanso sanachite bwino. Masamba awiri aja. Ndinayang'ana kabedi kobiriwira kaja, komwe tsopano kasanduka poika milu ya mafotokope, ndipo mutu wanga unangoima.

Yamila anagwira chitseko kuti atseke, n'kundiona.

"Mayi Pocha, pakhomo pano payera kale."

"Pali kadontho apa, mwanawe."

"Payera."

Ndinanyamula ndowa yanga n'kusuntha. Mapazi awiri okha.