Mlonda Amene Anaphunzira Kukana

Dzina loti a Lowani anawapatsa ndi ana asukulu. Kwa zaka zambiri bambowa anali mlonda pageti la sukulu ina yapulayimale, ndipo mawu amene ankafulumira kutuluka pakamwa pawo anali omwewo. Mwana wochedwa, lowani. Mayi wogulitsa nthochi wofuna mthunzi, lowani. Wamisala wa pamsika akafuna madzi a pampopi, lowani, koma musaopseze ana. Aphunzitsi aakulu anawakalipira mpaka kutopa. Komatu pasukulupo sipanasowe ngakhale choko, chifukwa a Lowani ankadziwa nkhope ya munthu aliyense wa m'deralo, ndi amayi ake omwe.

Kenako sukulu inasintha eni. Atsopanowo anabwera ndi makamera ndi anyamata a yunifolomu yakuda, ndipo a Lowani anathokozedwa bwinobwino n'kuuzidwa kuti akapume. Munthu wa ana atatu, wamkulu ali kusekondale, akapume kuti azidya mpweya? Mawu ena amanyansa kuwamva.

Nzeru inabwera ndi alamu awo, achimwene a akazi awo. Alamuwo anali atagwirako ntchito ya ulonda kutsidya kwa nyanja, kudziko lamchenga, kumene makampani amalemba alonda ochokera kutali kuti azilondera misasa ndi nyumba zosungiramo katundu. Anabwerako atanenepa khosi, ali ndi chiwotchi chachikulu komanso chizolowezi choyankhula ataimirira ngakhale mpando ulipo.

"Kampani imene inandilemba ija ikusankhanso anthu," anatero alamuwo. "Koma alamu, zaka zanu zili pamalire. Chaka chamawa sadzakuyang'anani n'komwe. Mukalephera ulendo uno, basi, yatha."

Kuyambira tsiku limenelo a Lowani chakudya chinasiya kuwakomera.

Mayeso oyamba anawadutsa mwamwayi. Anathamanga kuzungulira bwalo pamodzi ndi anyamata osamera ndevu, n'kumaliza mtima ukufuna kutulukira kukamwa. Adokotala anawayeza maso, mano ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo a Lowani ankapemphera chamumtima kuti mantha asakweze makinawo. Apolisi anawadinda zala n'kupeza kuti alibe mlandu. Mafunso a Chingerezi anawayankha thukuta likuyenderera kumsana. Tsiku lililonse gulu linkachepa, ena akutuluka pageti akutukwana, ena atangoti ziii. Anatsala mayeso amodzi, amene aliyense ankawatchula motsitsa mawu: mayeso a pageti.

Alamu awo anawafotokozera zonse. Amakuimika wekha pageti lakumbuyo kwa kampani, n'kukupatsa wayilesi yam'manja. Lamulo ndi lakuti wopanda khadi salowa, ndipo iwe suchoka pamalo pako. Kenako amakutumizira munthu wawo woti akuyese.

"Wina amabwera akulira, wina akutukwana," anatero alamuwo. "Chaka changa anatumiza mayi wapakati, chonsecho pamimba ataikapo pilo. Mnzanga anatsegula, tsiku lomwelo anabwerera kwawo. Kumene mukupitako, alamu, munthu woipa sabwera ndi nyanga. Amabwera akulira."

"Nanga wayilesiyo?"

"Musamangoikhudzakhudza. Mukamaitana pa kalikonse amakuonani ngati wamantha."

Choncho pakhomo panayambika sukulu yophunzira kukana. A Lowani ankaima mkati mwa nyumba, akazi awo n'kumagogoda panja akupempha. Ulendo woyamba mayiwo atangoti mwendo waphweteka, chitseko chinatseguka. Ulendo wachiwiri mwana wamng'ono atanamizira kulira, chinatsegukanso. Ana anagwa nacho chiseko, koma amayi awo sanaseke.

"Inu abambo, mtima wanuwo ndi wabwino, aliyense akudziwa," anatero. "Koma watipindulira chiyani? Ndikuopa ine. Mukakatsegula kumeneko, ana awa tiwauza chiyani?"

A Lowani anachita manyazi kwambiri. Analoweza mawu amene alamu awo anawapatsa: "Pepani, popanda khadi simungalowe. Pitani kugeti lakutsogolo." Ankawanena akusamba, akupukuta nsapato, akuyenda mumsewu. Pomafika tsiku la mayeso, akazi awo ankatha kugogoda mpaka zala kuwawa, chitseko osagwedezeka.

Woyang'anira mayeso anali bambo wamfupi waimvi amene aliyense ankangomutchula kuti a Sajeni. Ankayankhula motsitsa, ndipo zimenezi n'zomwe zinkaopsa. Masana dzuwa lili paliwombo anatenga a Lowani kupita nawo kugeti lakumbuyo. Linali geti la zitsulo zoimirira, loyang'ana kamsewu kafumbi. Mkati, chapafupi pomwepo, munali mtengo wamthunzi, benchi ndi mpopi wodontha. Pamwamba pakhoma panali kamera. A Sajeni anawapatsa wayilesi, n'kubwereza lamulo lija, n'kumapita.

A Lowani anaima njo. Aliyense wodutsa mumsewumo ankaoneka ngati ndi yemweyo: mnyamata wokankha wilibala, mayi wosenza beseni la tomato amene anakakhala pakona, ngakhale galu. Onse anadutsa osawayang'ana.

Kenako kunatulukira bambo wachikulire wovala jekete lotuwa, akuyenda mogwira khoma. Atafika pageti anagwira zitsulo ndi manja onse awiri. Thukuta linali kamukamu, milomo itayera.

"Mwanangu," anatero mkuluyo, akupuma movutikira, "ndingokhalako pang'ono pamthunzipo. Pachifuwa pandigwira."

A Lowani anamuyang'anitsitsa. Wafika uja. Anadabwa ndi luso lake, kuti kampani inamupeza kuti munthu wodziwa kunamizira chonchi, mpaka milomo kuyera. Anakumbukira pilo wa mayi wapakati, n'kuwongola msana.

"Pepani, popanda khadi simungalowe. Pitani kugeti lakutsogolo."

"Timadzi tokha ndiye, mwanangu. Ta pampopipo."

Mpopi unali pomwepo, ukudontha. Manja a a Lowani ankafuna kupita okha. Koma kukatunga madzi kunali kuchoka pamalo, ndipo kamera inali pamutu pawo. Anabwereza mawu aja, ulendo uno akuyang'ana pamwamba pa mutu wa mkuluyo.

"Chabwino, bambo," anatero mkuluyo.

Anasiya zitsulo, nasuntha pang'ono, n'kukhala pansi atatsamira khoma, padzuwa pomwepo. Apa mpamene nkhawa inayamba kuwadya a Lowani. Alamu awo ananena kuti anthu amenewa amakakamira, amalira, amagwada. Uyu bwanji wangovomera? Mwina ndi njira yatsopano. Mwina akudikira kuti mlonda afewe, atuluke kukamuona. A Lowani anagwira wayilesi, n'kuisiyanso. Ankamuyang'ana chakumbali, kudikira kuti adzuke, asase fumbi n'kupita kukanena kwa a Sajeni kuti mlonda uyu ndi mwala. Mkuluyo sanadzuke.

Ali mkati modikira choncho, panafika mtsikana wa nsapato zazitali, akuthamanga. Anati waiwala foni muofesi, mwana wake ali kuchipatala, khadi lili m'chikwama china. Analira, anatukwana, anati a Sajeni ndi amalume ake ndipo mlondayu aona zakuda. A Lowani anamuyankha ndi mawu awo aja, kawiri katatu, maso ali kukhoma. Mwadzidzidzi mtsikanayo anasiya kulira. Anamwetulira, natulutsa khadi m'thumba, n'kulikweza kuloza kamera, kenako n'kuzungulira kupita kutsogolo.

A Lowani anamuyang'ana akupita. Ngati woyesa ndi uyu, nanga uja ndani?

Atatembenuka anaona mkulu uja atagona chammbali, tsaya lili pafumbi. Mayi wa tomato anali atasiya beseni lake, akuimitsa galimoto yonyamula katundu. A Lowani anakanikiza wayilesi, mawu akutuluka oduka. Dalaivala ndi anthu ena odutsa ananyamula mkuluyo n'kumugoneka kumbuyo. Galimoto itanyamuka, mayi uja anabwera pageti n'kuwayang'ana kudzera m'zitsulo.

"Ndimamva ine pamene amapempha," anatero. "Madzi okha, bambo?"



A Sajeni anafika fumbi la galimoto litatsika kale. Anamvetsera zonse, manja ali kumbuyo.

"Mkuluyo si wathu," anatero. "Timatumiza mmodzi yekha. Mukanaitana msanga tikanatuma munthu, wayilesiyo ntchito yake ndi imeneyo. Muphunzire." Anayang'ana pakhoma pamene mkuluyo anatsamira. "Koma geti simunatsegule, pamalo simunachoke. Kumene mukupitako akufuna zimenezo. Mwakhoza. Mubwere ndi pasipoti."

Anawagwira chanza.

Ali panja foni inalira. Anali akazi awo.

"Abambo, zayenda bwanji? Musandibisire."

"Ndakhoza."

Anamva mayiwo akufuula, ana akudumpha, alamu awo akunena chapatali kuti ndinanena ine. Chinthu chimene anachilakalaka usana ndi usiku chinali m'manja tsopano, koma chimwemwe sichinabwere. Chimene anamva ndi mantha, ndi chisoni cholemera. Anawauza kuti achedwa pang'ono, n'kudula foni.

M'malo mokwera minibasi yakunyumba anayenda wapansi kupita kuchipatala chapafupi, kumene galimoto ija inalowera. Njira yonse ankadziuza kuti mwina linali dzuwa chabe, mwina njala, mwina pano mkuluyo wakhala tsonga akumwa madzi. Ankangofuna kumuona ndi maso. Anafika dzuwa litapendeka, geti la chipatala litatsekedwa. Mkati munali mlonda wachinyamata wa yunifolomu yosita bwino.

"Nthawi yoona odwala yatha, bambo. Mukufuna ndani?"

"Bambo wina wachikulire, wajekete lotuwa. Abwera naye masana pagalimoto yakatundu."

"Dzina lawo?"

"Sindikulidziwa."

"Ndi abale anu?"

"Ayi."

"Ndinu amene munawabweretsa?"

"Ayi."

Mlondayo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye ndinu ndani wawo?"

"Anandipempha madzi, ine ndinawakaniza. Ndingofuna kudziwa ngati ali moyo."

Mnyamatayo anayang'ana pansi, kenako kumbali. Zinkaoneka kuti wamva chisoni, ndipo dzanja lake linafika mpaka paloko. Koma analibweza.

"Pepani, bambo. Popanda dzina sindingakuthandizeni. Mubwere mawa."

A Lowani sanakakamire, chifukwa mnyamatayo sanalakwe chilichonse. Anakhala pamwala pafupi ndi getilo, akuyang'ana nkhope ya aliyense wotuluka kuti aone ngati pali amene akulira. Foni inkalirabe m'thumba.